Masewera ofunafuna nyama: ana a ku Mangochi tiwatengere kuti?

Ku Florida, m'dziko la America, kuli paki ya zisangalalo yotchedwa Disney's Animal Kingdom, yomwe inatsegulidwa mu 1998. Kuyambira mu 2013, mwana akalowa m'pakimo amatha kulandira kabuku ka masewera otchedwa Wilderness Explorers. Amayenda nako malo osiyanasiyana, apa akumuuza kuti ayang'anitsitse mbalame, apo akumufunsa zomwe nyama ina imadya, ndipo akayankha amamumatira kachizindikiro m'kabukumo. Mapaki ambiri a zisangalalo ndi malo osungirako nyama m'maiko ena ali ndi masewera a mtundu womwewu: pepala, pensulo, ndi mndandanda wa zinthu zoti mwana afunefune yekha.

Kuno ku Mangochi paki yotero kulibe. Koma nyama zimene anzathuwo amachita kuzimangira makola ndi kuzigulira chakudya, kuno zina timalimbana nazo m'minda ndi m'madimba. Chosowa ndi pepala lija basi, ndi munthu wamkulu woti asankhe kopita. Mphunzitsi amene akuyendetsa kalabu ya zachilengedwe pasukulu, kapena kholo lomwe lasunga kangachepe ka holide ya mu Ogasiti, onse amafika pa funso limodzi: tipite ku Liwonde, ku Cape Maclear, ku hotela ya m'mbali mwa nyanja, kapena tingochitira pompano?

Muyeso wanga ndi umodzi. Pamalopo, amene akuyamba kuiona nyamayo ndi ndani? Ngati wamkulu ndiye akuloza kuti "Ana inu, taonani uko!", mwanayo ntchito yake ndi kuchonga chabe. Ulendo ukhoza kukoma ndithu, koma masewerawo afa. Ngati mwana ndiye waiona yekha n'kubwera akuthamanga kudzakukokani malaya, apo ndiye masewera agwira. Mtengo, mtunda ndi chitetezo ndizinena, koma malo aliwonse ndiwayesa kaye ndi funso limeneli.

Liwonde

Aliyense amayamba kuganiza za kumeneku, ndipo sindimutsutsa. Kuchokera pa boma la Mangochi kukafika m'tauni ya Liwonde pa msewu wa M3, kudzera pa Ulongwe, ndi makilomita pafupifupi 75. Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548, m'mbali mwa Shire kuchokera kumunsi kwa nyanja ya Malombe. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Anaizinga ndi mpanda wa magetsi, anachotsamo misampha yambirimbiri ya waya, kenako anayamba kubwezeramo nyama zomwe zinatha kapena kuchepa: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, mimbulu mu 2021. Mu 2018 nkhalango ya Mangochi Forest Reserve inalowanso m'manja omwewo, choncho gawo lina la ntchitoyi lili m'boma lathu lomwe lino.

Mbiri imeneyi payokha ndi phunziro. Mu 2022 njovu 263 zinanyamulidwa pa magalimoto kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu. Mwana wa Sitandade 7 mungamufunse kuti chifukwa chiyani anthu angavutike kunyamula njovu pa lole, n'kumusiya ayang'ane yekha mitengo ya tsanya yothyoka ndi milambe yosendeka makungwa mpaka yankho limufikire: zinachuluka kuposa malo, ndipo mpanda sulola kuti zipite kwina.

Vuto la Liwonde pa masewera athuwa n'lakuti mwana satsika m'galimoto. N'zoyenera kutero, muli mikango ndi njati. Koma zotsatira zake n'zakuti amene akhala pawindo amaona, amene ali pakati amangomva, ndipo gaidi, yemwe maso ake anazolowera tchire, amaiona nswala mwana asanatembenuke n'komwe. Ulendo woyenda pansi ndi agemu ulipo, koma ana aang'ono nthawi zambiri sawalola. Palinso msampha wina umene akuluakulu amadzitchera okha: kulemba mkango, kakwiyo ndi chipembere pamwamba penipeni pa pepala. Nyama zimenezi zilimo, koma mukhoza kuzungulira tsiku lonse osaiona ngakhale imodzi. Mwana amabwerera kunyumba ali ndi mipata itatu yosachonga, n'kumauza agogo ake kuti "sitinaone chilichonse", chonsecho waona njovu zambirimbiri.

Chimene chimapulumutsa Liwonde ndi boti. Pa Shire aliyense ali pawindo, boti limayenda pang'onopang'ono, ndipo nyama zimabwera zokha kumadzi. Apa mwana amatha kumupambana gaidi. Muuzeni ayang'ane mvuu imene yangotulutsa pamwamba pa mutu, alembe ziwalo zomwe zikuoneka. Apeza zitatu: makutu, maso ndi mphuno, zonse pamzere umodzi pamwamba pa madzi. Akaona ng'ona apeza zomwezo, maso ndi mphuno pamwamba, thupi lonse litamira, ndipo simudzafunikanso kumufotokozera chifukwa chake amayi ake amamukalipira akamatunga madzi pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ng'ona yogona pamchenga itayasamula kukamwa sikuti yakwiya, ikudziziziritsa. Njiri imagwada ndi miyendo yakutsogolo pofuna kudya udzu waufupi, ndipo ikathawa mchira umaima njoo. Nakodzwe ali ndi mkombero woyera kumbuyo kwake. Zinthu zotere ndi zomwe ziyenera kukhala papepala la ku Liwonde, pamodzi ndi nkhwazi, akakowa ndi mbalame zina, poti pakiyi ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400.

Pa ndalama, Liwonde ndiye wolemera pa onse. Pali ya galimoto yokafikira kumeneko, ya pageti pa munthu aliyense, ya galimoto yolowa, ndi ya boti yomwe amawerenga pa mutu. Amalawi amalipira yocheperako poyerekeza ndi alendo akunja, choncho akuluakulu musaiwale chiphaso cha unzika. Ngati ndi sukulu, lemberani ku ofesi ya paki nthawi ikadalipo, munene chiwerengero cha ana ndi zaka zawo, mufunse dongosolo lomwe ali nalo la magulu a ana asukulu. Musangotulukira pageti ndi minibasi ziwiri zodzadza. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zasonkhana kumtsinje. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumafoola ana nthawi isanakwane 10 koloko m'mawa. M'dzinja misewu ina ya m'pakimo imatsekedwa. Mulinso kashembe, yemwe amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu woderapo, ndiye yunifolomu ya sukulu zina si yabwino kumeneko.

Ndionjezerepo kanthu kena kamene alendo ochokera kutali sakaganizira. Mwana wa m'mbali mwa Malombe, amene mvuu inadya mpunga wa amayi ake usiku umodzi, simungamuuze kuti mvuu ndi kanyama kokongola. Akudziwa zambiri za mvuu kuposa inu. Mulekeni afotokozere anzake momwe mapazi ake amaonekera m'matope ndi njira yomwe imadzera potuluka m'madzi. Ameneyo ndiye akhale mtsogoleri wa gulu.

Cape Maclear

Apa ndiye pamene ndimaika voti yanga, makamaka kwa ana a zaka 7 mpaka 12. Kuchokera pa boma mumatsata msewu wa ku Monkey Bay makilomita oposa 60, ndipo musanalowe m'tauniyo mumakhotera kumanzere, makilomita ena pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri mpaka m'mudzi wa Chembe. Paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Chinaichititsa kutchuka chotero si njovu kapena mkango, koma tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna. Mitundu ya mbuna ilipo yoposa 350, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko koma m'nyanja yathuyi. Pakiyi imateteza zilumba monga Thumbi West, Domwe ndi Mumbo, mapiri a kumtunda, ndi madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo amenewa, momwe kuwedza n'koletsedwa.

Ubwino wake n'ngwakuti mbuna sizithawa, sizibisala, ndipo sizidikira nyengo. Ku Otter Point, kumapeto kwa gombe chakumadzulo, madzi ndi oyera moti mwana atakhala pamwala amaona nsomba pansi pake. Akaima m'madzi ofika m'mawondo, atavala magalasi oonera pansi pa madzi omwe anyamata a maboti amabwereketsa, amangoweramitsa nkhope basi. Poyamba amafuula kuti "Zabuluu! Zachikasu!" Muuzeni asankhe nsomba imodzi yokha, aitsatire ndi maso mpaka awerenge kufika 60. Aona kuti siyendayenda chisawawa. Ili ndi mwala wake, imapala ndere pamwalapo ndi kukamwa, mutu uli pansi mchira m'mwamba, ndipo inzake ikayandikira imaithamangitsa n'kubwerera pomwe inali. Imeneyo nthawi zambiri ndi yaimuna, ya mtundu wowala. Mwana wodekha akhoza kupeza ina yosawala kwambiri, yotupa kukhosi, yomwe sikudya ngakhale zinzake zikulimbirana chakudya. Ndi yaikazi, yasunga mazira kapena ana m'kamwa, ndipo imakhala choncho masabata angapo. Chambo chimene timadya chimaleranso ana ake mwa njira yomweyo. Mwana amene wadzionera zimenezi ndi maso ake amamvetsa chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka ena mu Novembala ndi Disembala, nthawi imene chambo chikuswana, popanda wina kumuwerengera lamulo.

Kumtunda nakonso kuli zofunafuna zokwanira tsiku lathunthu, ndipo ana amayenda ndi miyendo yawo. Pamiyala pali mbira zoothera dzuwa, agulo a mitu yabuluu akugwedeza mutu, ndi ng'azi zomwe zimatsetsereka kulowa m'madzi zikamva phokoso. Anyani ndi apusi simuchita kuwafuna. Katumbu aliko koma ndi wamanyazi, amaoneka m'mamawa kapena madzulo, choncho muikeni ngati mphatso ya mwayi, osati ngati chinthu choyenera kupezeka. Nkhwazi mwana amayamba kuimva asanaione. Lembani kuti "imva kulira kwa nkhwazi, kenako peza mtengo umene yaterapo". Pafupi ndi geti la paki pali manda a amishoni a Livingstonia, omwe anafika pamalopa mu 1875 ndipo anasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Funso loti "ndi kanyama kati kanasamutsa amishoni?" limalowa bwinobwino pa mndandanda wa nyama. Panjira yobwerera imani pa Mwala wa Mphini, ana akaone mizere yomwe mvula, dzuwa ndi mphepo zinajambula pamwalawo.

Zovuta zake sindibisa. Choyamba ndi madzi. Miyala ya m'madzi imaterera, ndipo pena kuya kumayamba mwadzidzidzi. Wamkulu mmodzi wodziwa kusambira asayang'anire ana oposa anayi, ndipo mwana aliyense wokwera boti kupita ku Thumbi avale jekete loyandamitsa. Mwini boti akanena kuti majekete ndi ochepa koma nyanja ili bata, funani boti lina. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umatha kuwinduka masana, ndiye za boti zithe m'mawa. Chachiwiri ndi likodzo. Tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pagombe la kumudzi pomwe anthu amasamba ndi kuchapa komanso pamene pali bango ndi zomera za m'madzi. Ana alowe m'madzi ku miyala, kutali ndi mudzi, ndipo mwana akayamba kukodza magazi kapena kudwala patapita masabata, mupite naye kuchipatala, mankhwala ake alipo. Chachitatu ndi anyani, omwe amadziwa bwino jumbo ya mandasi ikaonekera. Chakudya chikhale m'galimoto yotseka mawindo kapena m'manja mwa wamkulu.

Pali zinthu ziwiri zomwe anyamata a maboti amakonda kuchitira alendo: kuponya buledi m'madzi kuti mbuna zisonkhane, ndi kuimbira nkhwazi likhweru n'kuiponyera nsomba kuti idzaiwakhe ana akuona. Ana amakondwera nazo kwambiri, ndipo anyamatawo ndi pomwe amapezera chakudya, choncho sindikuti mukangane nawo. Koma pa masewera ofunafuna, nkhwazi yochita kuitanidwa isawerengedwe. Buledi nayenso amasokoneza chimene mwabwerera, chifukwa mbuna zonse zimasiya miyala yawo n'kuunjikana pamodzi, ndipo khalidwe lija la kuteteza malo simulionanso. Yambani ndi kuyang'ana mwakachetechete, buledi abwere pomaliza ngati n'kofunika.

Kumbukiraninso kuti muli m'paki. Chigoba cha nkhono, nthenga, mwala, kansomba m'botolo, zonse zitsale pomwe zili. Mwana ajambule papepala.

Mahotela a m'mbali mwa nyanja

Pakati pa boma ndi Monkey Bay, kudutsa ku Nkopola ndi ku Makokola, pali mahotela ndi malo ogona alendo ambiri, ena ali ndi dziwe losambira, makatungwe ndi kapinga wosesedwa bwino. Amenewa ndiye ofananako kwambiri ndi paki ya zisangalalo kuno kwathu. Ambiri amalola alendo a masana okha atalipira pakhomo. Kuli mpanda, chimbudzi chili pafupi, mthunzi ulipo, ndipo apusi, abuluzi, agulugufe ndi mbalame za m'mitengo sizisowa. Kwa ana a zaka 4 mpaka 6, amene satha kuyenda mtunda, n'kokwanira ndithu: zithunzi zisanu ndi chimodzi papepala, theka la ola, basi. Kwa okulirapo musadzivute. Mwana wa zaka 10 akangoona dziwe, pepala lija mukalipeza litanyowa pansi pa mpando. Ngati mwaganiza zopita kumeneko, masewera achitike musanatulutse zovala zosambira m'chikwama. Malo ena amasunga nyama m'makola, ndipo nyama ya m'khola palibe chofunafuna, ili pomwe inali dzulo.

Pa boma penipeni

Amene alibe ya ulendo wautali ali ndi njira ya kabaza. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti yaikulu ya pa sitima ya Guendolen yomwe inamenya nkhondo panyanjayi mu 1914, chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum. Izi n'za mbiri yakale kuposa za nyama, ndipo mphunzitsi amene akufuna kuphatikiza maphunziro awiri pa ulendo umodzi apindula nazo. Kuchokera pamlatho, ana atagwirana ndi wamkulu, amaona mbalame za m'madzi, mabwato ndi namasupuni woyandama. Kugombe la Shire asatsikire, ng'ona za pamenepo si zamasewera.

Gawo la nyama lenileni lili kumsika wa nsomba. Chambo, kampango, mlamba, mcheni, utaka, usipa, kambuzi wa ku Malombe, zonse zili pa benchi imodzi ndipo sizithawa. Mwana apeze nsomba ziwiri zopanda mamba zokhala ndi ndevu, apeze ya mano akuthwa ndi thupi lalitali yooneka kuti imadya zinzake, afunse amayi ogulitsa kuti ndi iti imene inkapezeka yambiri kale koma pano ikusowa. Pemphani kaye chilolezo kwa amayiwo, ndipo mugulepo kamulu ka usipa, musawaunjikire ana pabenchi kwaulere makasitomala akudikira. Nsomba zakufa sizionetsa khalidwe, n'zoona, koma mwana amaziona pafupi kwambiri kuposa kwina kulikonse, mpaka kuwerenga zipsepse.

Padoko, pasukulu ndi kuseri kwa nyumba

Njira iyi anthu amaipeputsa chifukwa ndi yaulere, koma pa muyeso wanga uja imaposa Liwonde. Palibe gaidi, palibe galimoto, wopeza ndi mwana yekha. Padoko m'mamawa, asodzi akamakocheza, pamakhala akakowa akuzembera usipa wa pa thandala, akhwangwala, nkhanu m'maenje ake, ndi mapazi a mbalame pamchenga wonyowa omwe mwana akhoza kuyerekeza ndi chikhatho chake. Asodzi achikulire amadziwa maina a nsomba ndi mbalame, m'Chiyao ndi m'Chichewa, omwe simungawapeze m'buku la sukulu. Mwana alembe dzina m'chilankhulo chomwe wauzidwa. Akaona kasawala pakati pa nsomba zogwidwa, afunse kuti akanakula akanakhala chiyani.

Pabwalo la sukulu pali chulu ndi misewu ya chiswe yokutidwa ndi dothi pa thunthu la mtengo, nalimata kuseri kwa chitseko, ukonde wa kangaude, bongololo nthawi ya mvula, tombolombo pachithaphwi, zisa za atchete zolendewera kunsonga za nthambi. Bilimankhwe ndiye mfumu ya masewerawa, chifukwa ali pomwepo koma saoneka, ndipo ana ambiri amamuopa popanda chifukwa. Amene wamupeza ayang'ane maso ake: lina likuyang'ana kutsogolo, lina kumbuyo. Ngati pafupi pali mtsinje kapena dambo, mwina mupeza chisa cha nantchengwa pa mphanda ya mtengo, chimulu cha timitengo chachikulu ngati dengu la chimanga, chokhala ndi kakhomo kamodzi chapansi.

Chenjezo la pano ndi losiyana ndi la kupaki. Kupaki nyama ndizo zingavulaze ana, kumudzi ana ndiwo angavulaze nyama. Mukalemba kuti "peza chisa chokhala ndi mazira", mawa lake chisacho mulibe kanthu, chifukwa mwaonetsa anyamata onse a malegeni pomwe chili. Lembani kuti "peza mbalame yanyamula udzu kukamwa" m'malo mwake. Malegeni atsale kunyumba tsiku limenelo. Musalembenso chilichonse chofuna kugubuduza miyala kapena kupisa dzanja kuuna, kumeneko n'kwa zinkhanira ndi njoka.

Kwa amene akufuna mbidzi ndi kadyansonga, zomwe ana amaziona m'mabuku, kuli malo a Kuti Wildlife Reserve ku Salima, komwe kulibe mikango kapena njovu moti anthu amayenda pansi ndi panjinga. Kulinso Lilongwe Wildlife Centre, komwe amasamalira nyama zopulumutsidwa kwa ozembetsa ndi zovulala. Onse ndi abwino kwa ana, koma kuchokera ku Mangochi ndi ulendo wogona, ndipo ndalama yake ikhoza kukutengerani ku Cape Maclear kangapo.

Pepalalo

Malo abwino ndi pepala loipa sizithandizana. Mndandanda wa maina okhaokha, njovu, mvuu, ng'ona, umatha m'mphindi khumi ndipo mwana amasiya kuyang'ana akangochonga. Mzere uliwonse ukhale ndi chochita: nyama imene ikudya, nyama imene yanyamula mwana wake, mbalame yoima ndi mwendo umodzi, nyama ziwiri za mitundu yosiyana zili pamodzi osamenyana, ndowe zosonyeza chomwe mwini wake anadya. Ndowe za njovu, mwachitsanzo, zimakhala ndi timitengo ndi njere zosagayika, ndipo ana akasiya kuseka amayamba kufunsa kuti njerezo zimamera kapena ayi. Zimamera, ndipo umo ndi momwe njovu zimafesera mitengo.

Zinthu 12 n'zokwanira. Zisanu ndi zitatu zikhale zoti aliyense apeza ndithu, zitatu zofuna kudekha, chimodzi chamwayi. Pansi musiye mpata wolembedwa kuti "chimene ndaona chomwe sichili papepala", poti nthawi zambiri zabwino zimatulukira pamenepo. Ana osatha kuwerenga apatsidwe zithunzi zojambula pamanja. Agaweni m'magulu a atatu kapena anayi, ndipo wamkulu wa gulu aloledwe kufunsa mafunso okha, osaloza. Limeneli ndi lamulo lovuta kwa akuluakulu kuposa kwa ana, makamaka abambo amene anakulira kutchire ndipo akufuna kuonetsa kuti maso akadali akuthwa. Foni ikhale imodzi m'manja mwa wamkulu yojambulira umboni. Mukaipereka kwa ana, masewera amasanduka mkangano wa foni. Mphoto musapereke kwa amene wamaliza msanga, chifukwa mudzaphunzitsa ana kuthamanga ndi kunama. Perekani kwa gulu lomwe lafotokoza bwino chinthu chimodzi chomwe laona, anzawo akufunsa mafunso.

Ndiye tisankhe chiyani?

Ngati ana ndi osakwana zaka 7, bwalo la hotela kapena kuseri kwa nyumba n'kokwanira, ndipo ndalama ya Liwonde isungeni, sadzakumbuka zambiri. Ngati ali pakati pa 7 ndi 12 ndipo ulendo ndi umodzi wokha chaka chino, pitani ku Cape Maclear, munyamuke m'bandakucha kuti mukafike madzi akadali bata. Liwonde ndi wa ana amene anachitapo kale masewerawa pasukulu kapena padoko, odziwa kukhala chete ndi kuyang'ana chinthu chimodzi nthawi yaitali, ndipo ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha pakati pa galimoto yozungulira m'paki ndi boti, sankhani boti. Kwa mphunzitsi wa kalasi yaikulu, ya ana 80 kapena kuposa, ulendo wa onse pamodzi ku malo a madzi ndi wosatheka kuuyang'anira. Chitani masewera a pabwalo la sukulu ndi kalasi yonse, kenako kunyanja muzipita ndi ana 15 kapena 20 pa ulendo, makolo atasaina chilolezo, ndipo mwa akuluakulu operekeza pakhale mayi mmodzi kapena awiri oyang'anira atsikana posintha zovala.